Resibo kapena refresco? Nkhani ya malamulo a pamsewu ku Milange

MILANGE — Msewu wa N11, womwe umachokera ku Mocuba n'kudzathera pa chipata cha malire a dziko lino ndi Malawi, wasintha moyo wa anthu a m'boma lino chiuthirireni phula ndi ndalama zochokera ku bungwe la mayiko a ku Ulaya. Ulendo wa makilomita pafupifupi 200, womwe nthawi ya dzinja unkatha tsiku lathunthu, mwinanso kugona panjira galimoto itatitimira m'matope, tsopano ndi wa maola ochepa chabe. Chimanga, nyemba, nandolo ndi fodya zikutuluka msanga, odwala akufika msanga ku chipatala chachikulu. Koma phula labweretsanso liwiro, ndipo liwirolo labweretsa apolisi a malaya oyera aja, omwe boma limawatcha Polícia de Trânsito.

Apolisiwa amaimika galimoto ndi mota n'kufunsa mapepala. Wina amalembedwa multa. Wina amapita kuseri kwa galimoto ndi wapolisi n'kubwerako akumwetulira. Winanso amangokweza dzanja osachepetsa n'komwe liwiro, poti galimoto yake ndi yodziwika. Anthu okhala m'mbali mwa msewu amaona zonsezi ndi maso awo, ndipo n'chifukwa chake pa feira, m'malo omwera mowa ndi m'midzi ya ku Majaua ndi ku Mongue mukumveka funso lakuti: kodi lamulo la pamsewu ndi lamulo ndithu, kapena ndi chinthu chosankha, choti amene ali ndi kenakake m'thumba angathe kuchilambalala?

Kumene maganizowa anachokera

Owerenga achikulire akudziwa kuti kusakhulupirira munthu woima pamsewu sikunayambe lero. Malamulo a pamsewu amene dziko lino linkatsata mpaka chaka cha 2011 anali a Apwitikizi, olembedwa mu 1954, nthawi yomwe galimoto za kuno zinali za eni minda ya tiyi, eni masitolo ndi akuluakulu a boma la atsamunda. Munthu wa kumudzi msewu ankaudziwa ngati malo okagwirako chibalo, ndipo lamulo ankalionera pa nkhope ya sipayo. Ufulu utabwera mu 1975 kunadzabwera guia de marcha, kalata yomwe munthu ankayenera kutenga kwa akuluakulu a dera lake asananyamuke ulendo wopita boma lina, ndipo wopanda kalatayo ankabwezedwa panjira.

Kenaka kunagwa nkhondo. Mu 1986 asilikali a Renamo analanda tauni ya Milange, mu 1988 asilikali a boma anailandanso, ndipo pa zaka zimenezo anthu miyandamiyanda anawolokera ku Muloza ndi madera ena a ku Mulanje. Masiku amenewo aliyense wonyamula mfuti ankatha kugoneka mtengo pamsewu, ndipo wodutsa ankadziwa yekha kuti ayenera kusiyapo nkhuku, mchere kapena sopo. Palibe ankafunsa resibo. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo chaka chomwecho kunakhazikitsidwa Polícia da República de Moçambique, PRM, m'malo mwa apolisi a kale. Dzina ndi malaya zinasintha, koma chizolowezi choti pamene pali chotchinga pamsewu pamafunika kusiyapo kanthu chinatsalira m'mitu ya anthu, mbali zonse ziwiri za chotchingacho. Ana amene anabadwira m'misasa ya othawa nkhondo ndiwo lero akuyendetsa machapa, ndipo ena mwa iwo ndiwo avala malaya oyera.

Mbiri imeneyi ikutithandiza kumvetsa, koma siingabwezere mwendo wa mwana amene wagundidwa akuchokera kusukulu.

Zimene lamulo likunena

Lamulo la pamsewu lomwe linalowa m'malo mwa la atsamunda ndi Decreto-Lei 1/2011, la pa 23 Malichi 2011, lodziwika kuti Código da Estrada. Poti linalembedwa m'Chipwitikizi, chomwe anthu ambiri a m'midzi yathu sachiwerenga, n'koyenera kuti titchulepo mfundo zina zomwe zimatikhudza tsiku ndi tsiku.

Galimoto yaing'ono isapitirire liwiro la makilomita 60 pa ola ikamadutsa m'tauni kapena malo okhala anthu, ndipo kutchire isapitirire 120. Magalimoto akuluakulu onyamula anthu kapena katundu ali ndi malire otsikirapo. Woyendetsa ayenera kukhala ndi carta yake, livrete ya galimoto, pepala la inspecção losonyeza kuti galimoto inayesedwa, ndi seguro, yomwe inakhala yokakamiza kuyambira ndi lamulo la mu 2003 pofuna kuti munthu wogundidwa apeze chipukutamisozi. M'galimoto muyeneranso kukhala zizindikiro ziwiri za makona atatu zoika pamsewu galimoto ikafa, ndi chovala chonyezimira choti woyendetsa avale akatsika usiku. Nthambi za mitengo zomwe timaziona zitayalidwa pa phula lole ikafa sizili m'lamulo, ndipo choipa china n'chakuti lole ikadzuka nthambizo zimasiyidwa pomwepo, wa njinga n'kudzagwerapo usiku.

Pa mota, woyendetsa ndi wokwera onse ayenera kuvala kapasete. Pa nkhani ya mowa, lamulo linaika mlingo womwe apolisi amayesa ndi kachipangizo kouzira mpweya kaja, ndipo kwa woyendetsa galimoto yonyamula anthu olipira, ngati chapa kapena basi, mlingowo ndi ziro. Sakuloledwa ngakhale kapu imodzi ya kachasu "yochotsa tulo".

Multa ya liwiro imayambira pa 1000 meticais ndi kumakwera mpaka 8000 malinga ndi m'mene munthu wapitirizira malire. Agogo amene akadali kuwerengera ndalama m'makonto a kale akumbukire kuti mu 2006 boma linachotsa maziro atatu pa metical, kotero 1000 ya lero ndi miliyoni imodzi ya kale. Kwa mlimi amene amadikira nandolo kuti aone ndalama, imeneyi si ndalama yochepa ayi.

Koma mfundo yomwe anthu ambiri saidziwa, ndipo osaidziwawo ndi amene amadyeredwa, ndi iyi: multa ndi ngongole ya kwa boma, si ya kwa wapolisi amene wakuimikani. Wapolisi amalemba pepala lotchula mlandu, ndime ya lamulo yomwe mwaphwanya ndi ndalama zake. Lamulo limapereka masiku 15 oti munthu akalipire kapena akadandaule ngati akuona kuti walembedwa molakwa, ndipo akalipira amalandira resibo. Akangokhala chete osalipira, nkhaniyo imapita kukhoti. Ndalama iliyonse yomwe yachoka m'dzanja lanu popanda pepala siinafike ku boma.

Mbuzi ndi chingwe chake

Tonse timadziwa m'mene zokambirana za pamsewu zimayendera. Woyendetsa amatsika atagwira mapepala, n'kuyamba ndi mawu akuti "Chefe, tiyeni tikambirane ngati anthu." Wapolisi amazungulira galimoto pang'onopang'ono, kuyang'ana matayala, kugogoda nyali, n'kutchula ndalama ya multa mokweza mawu kuti okwera amve. Kenaka amanena kuti dzuwa laswa mtengo. Apa ndiye kuti nkhani yafika pa refresco, dzina laulemu la chiphuphu lomwe lafala kuyambira ku Rovuma mpaka ku Maputo. Pali ndi mwambi wake womwe anthu amaunena moseka, woti mbuzi imadya pamene aimangirira.

Tisanamizane, pali apolisi ambiri amene amakana zimenezi ndipo amalemba multa monga mwa lamulo, mwinanso kungochenjeza munthu n'kumuuza kuti apite. Amenewa nthawi zina ndi amene madalaivala amadana nawo, amvekere ndi ouma mtima. Apa m'pamene nkhaniyi imavutira, chifukwa refresco siyamba ndi wapolisi nthawi zonse. Woyendetsa amene akudziwa kuti tayala lake latha, mabuleki ndi okayikitsa ndipo wanyamula anthu 25 m'galimoto ya anthu 15, amakhala atakonzeratu ndalama yopindapinda mkati mwa livrete asananyamuke n'komwe pa siteji.

Mukawerengera bwino, onse awiri amapindula. Woyendetsa walipira pang'ono m'malo mwa zambiri, wapolisi wapeza ya ndiwo. Woluza ndi munthu wachitatu amene sanafunsidwe maganizo, mayi uja wakhala pampando wa kumbuyo ndi mwana kumsana. Tayala lakutha lija likadali lakutha, ndipo likukaphulikira pa mtsetse. Ndalama ya refresco nayonso siichokera m'thumba la mwini chapa, amaibweza pokweza mtengo wa ulendo ndi pothithikiza anthu ena awiri pa mpando wa anthu atatu. Ndiye kuti wokwera walipira kawiri: walipira ndalama, walipiranso ndi chitetezo chake.

Lamulo la milandu la dziko lino limalanga wolandira chiphuphu ndi wopereka yemwe. Boma lili ndi ofesi yothana ndi katangale yotchedwa Gabinete Central de Combate à Corrupção, ndipo munthu wa kuno angathe kukayambira dandaulo lake ku Procuradoria ya boma lino kapena kwa mkulu wa apolisi. Chofunika ndi kukumbukira tsiku, nthawi, malo ndi dzina kapena nambala ya wapolisiyo. Anthu amaopa, ndipo mantha awo ndi omveka, poti msewu ndi umodzi ndipo mawa adzakumananso naye pomwepo. N'chifukwa chake dandaulo loperekedwa ndi gulu, monga bungwe la oyendetsa machapa kapena mota, limakhala ndi mphamvu kuposa la munthu mmodzi.

Anyamata a mota

Pamene dandaulo la anthu lili lolimba kwambiri ndi pa nkhani ya mota. Zaka zapitazo katundu wa pa malire ano ankayenda pa njinga zakapalasa, ndipo amene anaona mizere ya njinga zitasenza matumba a chimanga kulowera ku Muloza sangaiwale. Njingazo zikadalipo, koma mota zotchipa zochokera ku China zalanda malo ambiri. Mnyamata akagulitsa fodya kapena soya, maloto ake oyamba ndi mota, ndipo mota yomweyo ndiyo ambulansi ya mudzi, ndiyo imapititsa mayi woyembekezera kuchipatala usiku kumene galimoto siifika.

Vuto n'lakuti ambiri mwa anyamatawa anaphunzira kuyendetsa pa bwalo la mpira, kwa mnzawo, masana amodzi. Kuti munthu apeze carta ayenera kulipira sukulu yoyendetsa, kulemba mayeso a bungwe la boma loona za magalimoto la INATRO, lomwe kale linkatchedwa INATTER, ndi kukhala ndi bilhete de identidade yomwe ena mwa iwo alibe n'komwe. Mayesowo ndi a m'Chipwitikizi. Mukaphatikiza ndalama zonse pamodzi ndi maulendo ake, mnyamata wa kumudzi amaona kuti n'kwapafupi kulipira refresco kamodzikamodzi kusiyana ndi kutsata njira yonseyo. Lamulo lomwe munthu wofunitsitsa kulimvera akulephera kulifikira limasanduka msampha, ndipo apa mlandu waukulu uli ndi amene ayenera kubweretsa maphunziro ndi mayeso pafupi ndi anthu, m'chinenero chomwe amamva. Kulanda mota makumi awiri n'kuziunjika pa polisi sikunaphunzitsepo munthu aliyense tanthauzo la chikwangwani.

Komabe anyamata athu asabisale kuseri kwa dandaulo limeneli pa zinthu zomwe zili m'manja mwawo. Kapasete siifuna mayeso. Kukonza nyali yakutsogolo sikufuna Chipwitikizi. Kunyamula anthu atatu, thumba la ufa ndi mbuzi pa mota imodzi palibe amakakamizidwa. Ena amapachika kapasete pa chiwongolero n'kuivala akaona malaya oyera patali, akangodutsa n'kuivulanso, ngati kuti mutu womwe akuteteza ndi wa wapolisi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, kuti Africa ndiye ali pamwamba mukayerekeza ndi chiwerengero cha anthu, ndiponso kuti oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi, a njinga ndi a mota. Kunena kwina, ndi anthu ngati ife.

Za liwiro, masamu ake ndi osavuta. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Yothamanga 100 imayenda mamita pafupifupi 28. Sekondi imodziyo ndi nthawi yomwe woyendetsa amangoona kuti mwana wadumphira pamsewu, phazi lisanafike n'komwe pa buleki. Msewu ukadali wafumbi, maenje ndiwo ankachepetsa liwiro. Lero maenje kulibe, koma misika, masukulu ndi mijigo zili pomwe zinali, m'mphepete mwenimweni mwa phula.

Malamulo awiri, msewu umodzi

Ife a m'malire tili ndi chisokonezo china. Munthu amadzuka ku Mozambique, kukagulitsa ku Malawi, n'kubwerera madzulo, kwacha thumba lina metical thumba lina. Mwamwayi mayiko onse awiri amayendetsa kumanzere, koma mapepala ndi kalipiridwe ka chindapusa n'zosiyana. Ku Malawi apolisi a pamsewu amalipiritsa pomwepo n'kupereka lisiti ya boma yomwe kumeneko amati GR, ndipo madandaulo a ziphuphu za pamsewu kumenekonso ndi nyimbo ya tsiku ndi tsiku. Galimoto kapena mota yolembetsedwa mbali imodzi ikawoloka iyenera kukhala ndi mapepala a kasitomu ndi seguro yogwira ntchito mbali inayo. Ambiri amangodzera njira za m'minda, ndipo mota zambiri zilibe nambala ya dziko lililonse. Mota yotere ikagunda munthu n'kuthawira tsidya lina, abale a wovulalayo amasowa poyambira.

Zomwe zinachitika pa Caphiridzange m'boma la Moatize ku Tete pa 17 Novembala 2016 zinayambanso ndi kulambalala lamulo. Thanki ya mafuta yochokera ku Beira kupita ku Malawi inapatutsidwa pamsewu kuti mafuta agulitsidwe mozemba, anthu a m'mudzi anathamangirako ndi zigubu, ndipo itaphulika anthu makumi ambiri anapsa, kuphatikizapo ana. Pa 3 Julaye 2021, basi inawombana ndi malole pa Maluana m'boma la Manhiça, pa msewu wa N1, n'kupha anthu oposa 30. Ngozi zikuluzikulu ngati zimenezi zikachitika akuluakulu amalankhula, apolisi amachuluka pamsewu kwa milungu ingapo, kenaka zonse zimabwerera mwakale.

Pamene anthu anakana kulipira

Funso loti kodi kumvera lamulo n'kosankha linayesedwa poyera chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha. Pa zionetsero zomwe zinatsatira, misewu inatsekedwa m'madera ambiri, maofesi ena a polisi anatenthedwa, anthu mazana anafa, ndipo kumapeto kwa chaka chimenecho anthu zikwi zingapo a m'chigawo chino, makamaka a ku Morrumbala, anathawira ku Nsanje. Kumayambiriro kwa 2025 oyendetsa galimoto ambiri anakana kulipira pa zipata za portagem potsatira pempho la Venâncio Mondlane, ndipo pambuyo pake boma linatsitsa mitengo ya pa zipata zambiri.

Alipo amene amatenga zimenezi ngati umboni woti lamulo lililonse lingakanidwe anthu akagwirizana. Pano si pokambira ndale, koma pali kusiyana komwe kuyenera kunenedwa. Munthu wokana kulipira portagem akukangana ndi boma pa nkhani ya ndalama, ndipo akudziwa kuti angamangidwe. Munthu wothamanga 100 podutsa pa msika, kapena woyendetsa chapa ataledzera, sakukangana ndi boma ayi. Nduna siigula tomato m'mbali mwa N11. Amene ali pangozi ndi mnansi wake yemwe. Miyezi ija inaonetsanso chinthu china: pamene apolisi anachoka pamsewu, pena panadzaima anyamata ndi miyala ndi matayala oyaka n'kumalipiritsa odutsa, ndipo nawonso sankapereka resibo.

Koma boma nalo limve. Munthu wa kumudzi akaona galimoto ya bwana ikudutsa pa apolisi ngati mphepo, iye atalandidwa mota chifukwa cha kalirole kosweka, palibe ulaliki womwe ungamukhutiritse kuti lamulo ndi la aliyense. Akaona apolisi atabisala pa mtengo kutchire kopanda nyumba, pamene pa sukulu palibe wowolotsa ana, amaganiza kuti cholinga ndi ndalama osati moyo, ndipo n'kovuta kumutsutsa. Multa imakhala ndi ulemu ngati yalembedwa kwa wamkulu ndi wamng'ono yemwe, pa mlandu womwe aliyense akuona kuti ungaphe munthu.

Nyengo yokolola ikafika malole amachuluka pa msewuwu, ena atasenza mopitirira muyeso, anthu atakhala pamwamba pa matumba. Wovulala kwambiri m'mutu kapena msana amene chipatala cha Milange sichingamuthe amatumizidwa ku Mocuba kapena ku Quelimane, ulendo wa maola ambiri kwa munthu amene akutaya magazi. Midzi yomwe ikufuna zikwangwani kapena zitunda zochepetsa liwiro pafupi ndi sukulu ndi misika ingathe kupereka pempho kudzera kwa mfumu ndi conselho consultivo ya dera lawo, kuti lifike kwa administrador ndi ku bungwe losamalira misewu la ANE, ndipo za m'kati mwa tauni zimapita ku Conselho Municipal. Pempholo likhale lolembedwa, litchule malo enieni ndi ngozi zomwe zachitikapo, ndipo mlembi wa mudzi asunge kope lake lodindidwa.